Apongozi akubweza nsima yanga: vuto ndi ufa, moto, kapena dzanja langali?

Mtengwa wa ku Area 25 analemba:

Moni nonse. Ndazengereza masiku angapo kulemba izi chifukwa ndi nkhani ya m'nyumba, koma paja amati safunsa anadya phula.

Ine kwathu ndi ku Nkhotakota, cha kunyanja. Tinakulira kondowole, mpunga ndi nsomba. Nsima ya chimanga ndinaizolowera kusukulu yogonera, ndipo amene munapitako mukuidziwa nsima ya kumeneko. Bambo a kunyumba kwawo ndi ku Ntcheu. Takhala m'banja zaka 7, ana tili nawo awiri, ndipo pa zaka zonsezi palibe amene anabwezapo mbale yanga.

Masabata atatu apitawo apongozi anga, amayi awo a bambowa, anabwera kuno ku Lilongwe kudzaonana ndi madokotala. Anawapeza ndi BP, komanso akuti shuga wayamba kukwera. Anatiuza kuti achepetse mchere ndi mafuta, tiyi azimwa wopanda shuga, ndipo nsima ikhale ya mgaiwa. Akhala nafe mpaka tsiku lobwerera kuchipatala, ndiye kuti miyezi iwiri yathunthu.

Tsiku lofika ndinawaphera nkhuku ya lokolo monga timachitira ndi mlendo. Anadya nthuli imodzi ndi theka la mtanda. Ndinati mwina ndi minibasi yawaswa m'thupi. Mawa lake ndinaphika usipa ndi mpiru, chimodzimodzi. Mkuja wake nyemba ndi kabichi, chimodzimodzi. Amasamba m'manja bwinobwino, amatema mbamu, n'kuikanda m'manja nthawi yaitali akuyang'ana pansi, kudya mbamu zitatu kapena zinayi, basi avundikira mbale. "Zikomo mayi, mwatidyetsa." Salankhula mwano ayi, ndi munthu wofatsa kwambiri, ndipo n'zimene zikundipweteka. Bola akanandikalipira ndikanadziwa polakwika.

Lamlungu ndinati ndiyese therere lobala poti mwana wawo amati amalikonda. Ndinathira soda pang'ono, tomato, mchere wongokhudza. Analawa kamodzi n'kundifunsa kuti, "Mwathiramo chiyani umu?" Nditati soda, anangoti "Oho," osalikhudzanso. Dzana mwana wanga wamkulu, wa Sitandade 1, anabwera kukhitchini n'kunena mokweza kuti, "Amama, agogo akuti nsima ya m'tauni siigwira pamimba." Ndinaseka kuti mwana asaone, koma m'mtima munabaya. Ndiye dzulo ndikusesa kuchipinda kwawo ndinapeza kajumbo ka mtedza wokazinga wa mchere ndi zidutswa za chigumu pansi pa pilo. Zikuoneka kuti ine ndikapita kuntchito amatuma ana a aneba kukagula. Munthu wa BP ndi shuga ameneyo!

Bambo a kunyumba poyamba ankati, "Asiye, ndi ukalamba." Koma usiku wathawu anandiuza kuti, "Bwanji ungoyesa kuphika mmene amaphikira kumudzi?" Sindinawayankhe. Ndinangotembenukira kukhoma.

Kuti mundithandize bwino ndinene mmene ndimaphikira. Ndine mphunzitsi, ndimafika pakhomo cha m'ma 2 koloko ana ali ndi njala, ndiye ndimaphika pa gasi. Mbaula ilipo koma ndi ya nyemba basi. Poto ndi wa aluminiyamu, opepuka aja a m'maseti a pa ukwati. Mgaiwa ndimagula wogayagaya pamsika wa Nsungwi. Ndimatereka madzi, akafunda ndithira ufa, phala likangowira ndiwonjezera ufa, kuvundula, kuomola. Mphindi 15 zatha. Mibulu simukhala, kulimba kwake n'kwabwino. Kodi ndikulakwitsa pati? Kapena ndingowapatsa ufa woyera, zachipatalazo zione zina? Akumwa mankhwala m'mimba mulibe kanthu ndipo chitenje chayamba kuwazungulira kawiri.

Mayi wa ku Chilomoni anayankha:

Achemwali, mphindi 15 pa mgaiwa? Pepani ndaseka. Imeneyo si nsima, ndi phala lolimba. Musakhumudwe, inenso ndinaphikapo yoteroyo zaka zambiri mpaka azakhali anga anandikhazika pansi.

Ufa woyera umapsa msanga chifukwa mphale ija inafewa kale m'madzi. Mgaiwa uli ndi gaga yense, ndipo gaga safuna phuma. Chinsinsi chili paphala, osati pothyakula. Madzi akafunda, thirani ufa pang'onopang'ono mukutakasa mpaka phala likhale lamadzimadzi ngati la mwana, musasiye kutakasa lisanawire chifukwa ufa ukakhala pansi ndiye chiyambi cha kupserera. Likayamba kulumpha, vundikirani, chepetsani moto, lisiyeni. Ine ndimalisiya mphindi 15 mpaka 20, nthawi imene inu mumakhala mwaomola kale. Muzikonza ndiwo kapena kutsuka mbale. Mudzamva fungo likusintha. Poyamba limanunkha ufa wauwisi, kenako limabwera fungo ngati la chimanga chowotcha. Mtundu nawo umasintha, phala limayamba kuwala pamwamba. Pamenepo ndiye muyambe kuthira ufa, dzanja limodzi limodzi, osati kukhuthula mbale yonse. Muthyakule mokanikiza kukhoma la poto mpaka mkono umve. Ikalimba, salazani pamwamba ndi mthiko, vundikiraninso, moto wapansipansi, mphindi zina zisanu. Idzapuma yokha, mudzamva kuti fuuu. Nyowetsani chala mukhudze pamwamba. Ikamata, sinapse.

Mukuona apongozi anu akukanda mbamu nthawi yaitali? Akuiyesa. Nsima yosapsa imamata m'manja ndipo m'kamwa imasiya kaufa pa lilime. Ana ndi bambowo anazolowera, koma dzanja la munthu amene waphika nsima kuyambira ali mtsikana silinamizidwa.

Potoyo musinthe. Gasi moto wake ndi wakuthwa ndipo umabaya malo amodzi, ndiye poto wopepuka amapserera pansi pamwamba pasanapse, n'chifukwa chake mumathamangira kuomola. Gulani poto wochindikala, osula aja amagulitsa m'misika, olemera ngati mwala. Maonekedwe alibe, koma amasunga moto ndipo amatulutsa nkhoko zabwino, zouma, zosweka ngati mbale. Funso: kodi poto wanu amatulutsa nkhoko kapena mumangothiramo madzi n'kutsuka? Anthu akuluakulu nkhoko amazikonda kwambiri.

China ndi ufawo. Mgaiwa sukhalitsa ngati ufa woyera chifukwa mtima wa chimanga uli ndi mafuta, ndipo mafutawo akakhala masabata angapo, makamaka nyengo yotentha ino, ufa umayamba kuwawa ndi kununkha chikale. Wogula pamsika simudziwa unagayidwa liti, komanso simudziwa ngati anasankha chimanga chowola. Gulani chimanga, mupete nokha, muchotse zofumbwa ndi zakuda, mukagayitse ndowa imodzi yokha ya masabata awiri. Ukabwera kuchigayo umakhala wotentha, muuyanike kaye uzizire musanautsekere m'ndowa. Musefe musanaphike.

Za bambo a kunyumbawo sindinenapo kanthu, ndingachimwe.

Mlangizi wopuma wa ku Mponela anayankha:

Ndilowerereko ngakhale ndine mwamuna, ndipo akazi anga akuti ine nsima ndimaidziwa m'mbale mokha. Ndinagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi zaka zambiri, ndiye za chimanga ndinganeneko.

Zimene anena amayi a ku Chilomoni n'zoona, koma ndiwonjezere kuti chimanga sichifanana. Chamakolo chija maso ake ndi olimba, osalala pamwamba. Ukachikonola gaga amachoka, mphale n'kutsala yathunthu, ndipo anankafumbwe sachilowa msanga. Cha haibulidi chambiri, makamaka cha kale, chinali chofewa, cholowa pamutu ngati dzino, ndipo mumtondo chimangonyenyeka, theka n'kupita ndi madeya. Amayi m'midzi ankachikana pachifukwa chimenechi, ife n'kumati ndi umbuli. Ankalima haibulidi wogulitsa, chamakolo chodya. Zinatengera akatswiri ofufuza za ulimi a ku Chitedze kutulutsa MH17 ndi MH18 mu 1990, mbewu zolimba pang'ono zokonoleka bwino, kuti amayi ayambe kuvomera. Ndiye mtondo wa amayi unasintha ntchito ya anthu a madigiri. Apongozi anuwo ngati kwawo amadya chamakolo, kukoma kwake akukudziwa, ndipo mgaiwa wa pamsika wa m'tauni kwa iwo uli ngati utuchi.

Komanso mudziwe mmene anthu a msinkhu wathu timauonera mgaiwa. Inu achinyamata mumauona ngati chakudya cha thanzi, ena mpaka kunyadira. Ife tinakula tikudziwa kuti mgaiwa ndi wa kusukulu yogonera, wa kundende, wa aganyu, kapena wa m'nyumba ya mkazi waulesi amene sangakonole. Mayi wolemekezeka ankakonola, kuviika mphale masiku awiri kapena atatu, kutsukuluza, kuyanika pamphasa, kukagayitsa, kuyanikanso ufawo mpaka uchite mbee. Mlendo kumuphikira mgaiwa kunali kumunyoza. Ndipo amene tinaona njala ya 2002 timakumbukira kuti mgaiwa ndi umene unkabwera nkhokwe ikapepuka, kenako madeya, kenako zitsa za nthochi. Mwina apongozi anuwo akamaona nsima yofiirira ija saona mankhwala, amaona Febuluwale.

Malangizo anga ndi awiri. Imbani kumudzi akutumizireni thumba la chimanga cha m'nkhokwe mwawo momwe. Mabasi a Ntcheu ndi osawerengeka, likhoza kufika tsiku lomwelo. Munthu sakana chimanga cholima yekha. Ndiye poyamba musagaye mgaiwa weniweni, pangani gramilu: kuchigayo muwauze akonole pang'ono chabe, osaviika, n'kugaya. Maonekedwe amayera ndithu koma zina zofunika m'thupi zimatsalamo. Pakatha sabata muzisakaniza ndi mgaiwa, theka ndi theka. Akazi anga anandisamutsa motero ine osadziwa, ndinazindikira patatha mwezi.

Mtedza wa pansi pa pilowo muuyang'anenso. Ngati uli ndi chuku kapena ukuwawa, mutaye. Chuku cha mtedza ndi chimanga chimaononga chiwindi, ndipo kukazinga sikuchotsa poizoni wake.

Agogo a ku Ntcheu (akulemba ndi mdzukulu wawo) anayankha:

Ndawawerengera agogo nkhaniyi ndipo akuti ndilembe mmene akunenera, ndisachotsepo.

Mwana wanga, za moto ndi za ufa anzako akuuza kale. Ine ndikufunse zina. Apongozi akowo amakhala pati tsiku lonse? Ndikudziwa yankho. Pasofa, kanema akulankhula yekha, manja ali pamwendo. Akafuna kugwira tsache umati, "Siyani amayi, pumani." Akafuna kulowa kukhitchini umati, "Khalani amayi, ndibweretsa." Iwe ukuti ndi ulemu. Inenso ndinachitiridwapo ulemu umenewo kwa mwana wanga ku Blantyre, nditapita kukachotsa ng'ala m'diso. Miyezi iwiri. Mtengwa wanga ndi mwana wabwino, sindinganame, koma ndinatsala pang'ono kudwala matenda ena osakhala a diso. Munthu amene wadzuka tambala woyamba moyo wake wonse, kusesa, kutunga, kupita kudimba, ukamukhazika pansi njala aitenga kuti? Mlendo ndi wa masiku atatu. Akapitirira pamenepo mpatse lichero.

Usamupatse mthiko kaye, angaganize kuti wakwiya. Yamba ndi zing'onozing'ono. Gula nkhwani, ukhale pakhonde, unene kuti, "Amayi, ine kusadzula kumandivuta, ulusi umatsalira." Uona mmene manja awo athamangire. Mawa nyemba zoti asankhe. Mkuja mtedza, ubwereke kamtondo kwa aneba ngati ulibe, asinje nsinjiro. Chimene munthu wachigwira yekha amachilawa.

Chachiwiri, amadyera pati? Ngati ndi patebulo, pampando wautali, moyang'anana ndi mwana wawo wamwamuna amene ali ndi ndevu, ndiye usadabwe. Kwathu kuno amuna amadya kwaokha, amayi ndi ana kwaokha, pamphasa. Ine patebulo nsima imandiima pakhosi, miyendo ili lendelende, aliyense akuwerenga mbamu zanga. Yala mphasa pakhonde, uwapatse adzukulu awo, iwenso ukhale pomwepo nthawi zina. Bamboyo adye yekha patebulo pakepo, safa.

Therere la soda lija. Soda ali ndi kafungo kake ndipo akachuluka amaluma lilime. Ife tinazolowera chidulo. Umatenga zitsononkho zouma, kapena makoko a nyemba, kapena makoko a nthochi ouma, n'kutentha pamalo oyera mpaka phulusa. Usatenge phulusa la makala a m'tauni, anthu amayatsira mapulasitiki. Uboole chitini pansi timabowo, uyalemo udzu, phulusa pamwamba, uthire madzi pang'onopang'ono azidontha m'kambale. Madzi ofiirira amenewo ndiwo chidulo. Uwiritse, therere ulowetse, osavundikira chifukwa limafufuma n'kutayikira pamoto. Koma usapange wekha. Uwafunse iwo akuphunzitse, ngakhale ndakuuza kale.

Chotsiriza n'chovuta kunena pagulu, koma ndine wamkulu. Mchere amathira ndani m'ndiwo? Anthu a kale tinalangizidwa kuti pali masiku ena a mwezi amene mkazi sathira mchere, amaitana mwana wamng'ono kuti athire, kuopa mdulo. Achinyamata munasiya, azibusa ndi achipatala amati kulibe zimenezo, ine sindikutsutsana nawo. Koma ngati apongozi ako anakula nazo, ndipo akudwala, mwina akuchita mantha ndipo sangakufunse, pakamwa pangawaume. Njira yake ndi yophweka ndipo sipafunika kukambirana. Phika ndiwo osathira mchere, uwapatse kambale ka mchere m'manja unene kuti, "Amayi, poti achipatala anati muchepetse, muzithira nokha mulingo wanu." Kapena uzimuitana mwana wa Sitandade 1 uja azithira iwo akuona. Ngati vuto silinali limenelo, palibe chimene wataya.

Agogo akuti basi, khosi lauma. Akuti muwauze mmene zithere.

Namwino wa ku Manchester, ku England, anayankha:

Agogo alankhula zakupsa ndipo sindingawapose. Koma ndiikepo chenjezo poti ntchito yanga ndi imeneyi, ndipo odwala shuga ndimawaona tsiku ndi tsiku.

Kambale ka mchere kaja samalani nako. Munthu wa BP mukamupatsa mchere m'manja mwake, dzanja limakumbukira mulingo wakale. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, ndiye kuti kasupuni ka tiyi kamodzi osadzaza, kuphatikiza wa m'zakudya zonse. Muziyeza m'mawa kagawo kawo n'kuika m'kambalemo, kakatha katha. Musaiwale kuti usipa ndi matemba ena amabwera ndi mchere kale, ndipo timakyubu tokometsera ndiwo tija ndi mchere wokhawokha. Soda nayenso ali m'gulu lomwelo chifukwa ali ndi sodium ngati mchere, ndiye pamenepa apongozi anu sanalakwe kumukana. Chidulo chili ndi mchere wina wotchedwa potassium wambiri. Kwa anthu ambiri pang'ono sichivuta, koma kwa munthu amene impso zake zafooka, kapena akumwa mankhwala ena a BP, chikhoza kukhala choopsa. Mukapita kuchipatala mutenge mapaketi a mankhwalawo mufunse. Komanso soda ndi chidulo zonse zimaononga mavitamini ena a m'masamba, ndiye zisakhale za tsiku lililonse. Nkhwani wanthete amapsa popanda zimenezo.

Pa nkhani ya ufa, mgaiwa ndi wabwinopo chifukwa cha gaga uja, koma si mankhwala. Ndaona anthu akudya mitanda inayi ya mgaiwa n'kumadabwa kuti shuga satsika. Kukula kwa mtanda n'kofunika kwambiri. Mtanda umodzi wapakatikati wa gramilu, masamba odzaza theka la mbale, nyemba kapena nsomba pambali, n'kwabwino kuposa mgaiwa umene akuubweza n'kukadya chigumu mobisa. Chimene chikundiopsa ine ndi kumwa mankhwala osadya. Mankhwala ena a shuga amatha kumugwetsa munthu akapanda kudya. Mukaona akunjenjemera, kutuluka thukuta kapena kusokonezeka, musadikire tsiku lija anakupatsani.

Tsono ndinene ngati mkazi mnzanu. Kuwapatsa lichero n'kwabwino, koma khitchini ndi yanu. Ine apongozi anga atabwera kuno kudzaona mdzukulu ndinawasiyira zonse pofuna mtendere. Ufa wa kuno ndi wa m'mapaketi wochokera ku South Africa, timagula m'mashopu a zakudya za ku Africa, ndipo anaunyoza kuyambira tsiku loyamba mpaka lobwerera, koma mthiko sanaubweze. Atapita, amuna anga anakhala chaka akuti, "Amayi sankatero." Ndiye bambo a kunyumba anuwo asangogona n'kumapereka malangizo mumdima. Amayi ndi awo. Akhale nawo pansi awauze chifukwa chake nsima yasintha mtundu, kuti si inu mwaumira ufa, ndi adokotala. N'kutheka kuti mpaka lero palibe amene anawafotokozera m'Chichewa chomveka.

Mtengwa wa ku Area 25 anayankha:

Zikomo nonse, ndabweranso patatha masiku 10. Agogo a ku Ntcheu anati ndiwauze, ndiye mdzukulu muwawerengere.

Anamwino munalasa. Bambo a kunyumba atawafunsa, zinapezeka kuti kuchipatala kuja adokotala ankalankhula ndi mwana wawoyo, mawu ambiri m'Chingerezi, iwo anangomva za mchere basi. Za mgaiwa sankadziwa. Masabata atatu onse aja ankaganiza kuti pakhomo pano zinthu zavuta, ndipo ankadya pang'ono dala kuti ufa utsalire adzukulu. Mtedza ndi chigumu ankagula ndi ndalama yawo yobwererera kumudzi. Bambowo atandiuza ndinalowa kubafa n'kutsegula mpopi kuti ana asamve.

Komabe nsima yanga inalidi yosapsa, pamenepo tisanamizane. Ndinagula poto wosula uja, ndinayesa Loweruka mmene ananenera amayi a ku Chilomoni, ndipo ngakhale ine ndinamva kusiyana. Gasi akutha msanga, ndiye madzulo ndabwerera pambaula. Chimanga chinafika Lachiwiri pabasi, alamu anga anatumiza, chamakolo, maso ena ofiirira ena achikasu. Apongozi anamasula thumba okha, analowetsa mkono mpaka m'chigongono, n'kutchula munda umene chinachokera. Kuchigayo tinapita limodzi. Anaima pafupi ndi mnyamata wokonola uja n'kumamuuza poti alekere, anthu pamzere akuseka.

Za nkhwani ndinachita monga munanenera agogo, koma sindinamalize n'komwe kunama kwanga. Ndisanati "kumandivuta" anali atalanda kale mtolo. Panopa ndikamafika 2 koloko ndimapeza ndiwo zapsa, phala likuwira, iwo ali chikhalire pakampando pafupi ndi mbaula. Kuthyakula amandisiyira ine, akuti phewa limawapweteka, koma maso amakhala pa mthiko ndipo ndikafuna kuomola amangoti, "Ipume kaye." Amadya pamphasa ndi ana, mtanda umodzi ndi nkhoko. Nkhokozo akulimbirana ndi wa Sitandade 1 uja. Za mchere sindinafunse ndipo iwo sananene. Kambale ndimakayeza m'mawa, amathira okha.

Sizonse zili bwino. Dzulo anandisunthira mapoto onse, sefa ndinaifuna mphindi 10, ndipo anauza aneba kuti mtengwa wawo "akuphunzira". Zaka 7 m'banja, ana awiri, ndikuphunzira! Bambo a kunyumba Lamlungu anadya mitanda itatu ya nkhwani wotendera wa amayi awo akupukusa mutu, ndipo ndinawayang'ana mpaka anatsamwa. Anamwino, ndawakumbukira mawu anu.

Chidulo sitinapange, tikudikira kufunsa kuchipatala pa 14. Koma iwo ayamba kale kusonkhanitsa makoko a nthochi, ayanika padenga la bafa yapanja, ndipo alandilodi afunsa kawiri kuti n'zachiyani. Akuti zitsononkho ndiye zabwino koposa. Alipo amene akudziwa kumene ndingazipeze kuno ku Lilongwe mwezi uno, cha ku Area 25 kapena ku Lumbadzi? Kathumba kamodzi kakwana.